Nyumba Ikakanika Kugulika: Malangizo kwa Mabanja a ku Chonde Amene Akusamuka

Njira zitatu zimene zimatsala

Chaka chilichonse pamakhala mabanja a ku Chonde, m'boma la Mulanje, ndi midzi yozungulira amene amafika poti asamuke. Wina boma lamusamutsira ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, wina wapeza malo a geni ku Limbe, wina akutsatira mwamuna kapena mkazi wake ku Joni, ndipo wina akubwerera kwawo chifukwa ukwati watha. Maganizo amene amayamba kubwera ndi ogulitsa nyumba kuti papezeke mpamba wokayambira kumene akupitako. Madobadoba amauzidwa, chikwangwani chimakhomedwa pa mtengo wa mango, miyezi n'kumatha. Ofuna kugula amabwera ndithu, amazungulira nyumba yonse, koma mtengo umene amatchula sufika ngakhale pa ndalama imene inalowa pa malata ndi simenti. Tsiku la ulendo likayandikira, banja limatsala ndi njira zitatu: kugulitsa motaya, kukhoma loko n'kuchoka, kapena kulowetsamo munthu wa lendi. Mfundo ya kabuku kano ndi yakuti kwa mabanja ambiri njira yachitatuyi ndiyo yabwino, koma imayenda pokhapokha ntchito yake yonse itagwiridwa mwininyumba asanakwere basi. Lendi yokonzedwa mwaphuma pa tsiku lonyamuka, pongosiyira m'bale makiyi, ndiyo imene imabala milandu.

Chimene chikuthawitsa ogula

Nyumba ikakhala miyezi osagulika, eni ake amayamba kuiona ngati ili ndi chilema. Nthawi zambiri vuto limakhala pa dothi limene nyumbayo yakhalapo. Malo ambiri m'dera lino ndi a mafumu, ndipo mwa mwambo wa Alhomwe ndi Amang'anja amayenda kuchikazi. Mwamuna amene anamanga nyumba ku chikamwini anagula njerwa ndi malata ndi thukuta lake, koma malowo ndi a mbumba ya mkazi wake, ndipo mwinimbumba ali ndi mawu pa malowo. Wogula wochenjera amadziwa zimenezi. Amaopa kuti lero apereka ndalama, mawa kutulukira malume kapena mchemwali wina n'kunena kuti malo a makolo sagulitsidwa. Mantha amenewa ndiwo amatsitsa mtengo. Lamulo la malo a mafumu la 2016, Customary Land Act, linatsegula njira yoti mabanja alembetse malo awo kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, koma nyumba zambiri zikadali zopanda chikalata chilichonse cha umwini. Popanda chikalata banki siingakongoze wogula ndalama, choncho wogula ayenera kukhala ndi ndalama yonse m'manja. Anthu otere ndi ochepa, ndipo amadziwa kuti wogulitsa ali paulendo, ndiye amangodekha kuti mtengo ugwe wokha.

Pali chinanso. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, pomwe gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa minda ya tiyi. Malo ndi osowa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake abale amakana kuti kachigawo kalikonse kachoke m'manja mwa mbumba. Kusowa kwa malo komweko kukutiuza kuti amene wataya malo kuno sadzawapezanso mosavuta, komanso kuti anthu ofuna pogona sadzatha. Zimene zikulepheretsa malonda n'zomwezo zimene zikupatsa mphamvu lendi.

Kuipa kwa kugulitsa motaya ndi kukhoma loko

Wina anganene kuti ndalama yochepa ya m'manja iposa nyumba imene ili kutali. Tiyang'ane zimene zinachitikira kwacha mu 2022 ndi 2023. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Mitengo ya simenti, malata, misomali ndi matabwa inakwera motsatira. Banja limene linagulitsa nyumba zimenezi zisanachitike, n'kusunga ndalamayo kapena kuidya pang'onopang'ono pa lendi ya m'tauni, silingamangenso nyumba yonga yomweyo ndi ndalama imene linalandira. Banja limene linasunga nyumba yake likadali ndi makoma omwewo ndi denga lomwelo, ndipo mtengo wake m'makwacha wakwera pamodzi ndi mtengo wa zipangizo. M'dziko limene ndalama ikuchepa mphamvu chaka ndi chaka, nyumba imasunga thukuta la munthu kuposa akaunti ya kubanki.

Kukhoma loko nakonso sikusunga nyumba. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, midzi ya chigawo cha kummwera yaona nyumba za amene anapita kunja zikusanduka mabwinja, eni ake atatchona. Nyumba yopanda munthu imatha msanga kuposa yokhalamo anthu. Chiswe chimakwera m'mapaso popanda wochiona. Msomali umodzi ukazuka pa lata, madzi amadontha dzinja lonse mpaka khoma kufewa. Akuba amayamba ndi mawaya a magetsi, kenaka mafelemu a mawindo, kenaka zitseko. Ngalande zikatsekeka madzi amadikha m'mbali mwa maziko, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu mu March 2023. Palibe munthu wa lendi amene akanaletsa madzi otsika m'phiri, koma nyumba zambiri zimagwa ndi mvula wamba yolowa pa mng'alu umene munthu wokhalamo akanaumata nthawi ikadalipo. Malire nawonso amasuntha. Mzere wa chinangwa wa mnansi ukalowa phazi limodzi chaka chino, phazi lina chaka chamawa, pakatha zaka zisanu mlandu wake umavuta kuweruza. Ntchito yoyamba ya munthu wa lendi ndiyo kuchititsa kuti pakhomo pazioneka utsi. Ndalama imene amalipira imabwera pambuyo pa zimenezo.

Kodi ku Chonde kuli anthu a lendi?

Alipo, ngakhale kuti sangalipire mitengo ya ku Blantyre. Chonde ili pa msewu wa phula wochokera ku Luchenza kupita ku Mulanje boma mpaka ku Muloza, ndipo anthu ogwira ntchito amabwera ndi kupita. Aphunzitsi ambiri a m'sukulu za pulayimale ndi sekondale alibe nyumba za pasukulu. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, apolisi, ogwira ntchito m'mabungwe, amalonda a nandolo, chimanga ndi nthochi, onsewa amafuna nyumba ya malata yokhala ndi chimbudzi chabwino ndi madzi pafupi. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, umene umachitikira pa Chonde m'mwezi wa October, umabweretsa khamu la anthu, koma ndi wa masiku ochepa, ndipo si nzeru kusiya nyumba ili pululu miyezi 11 poyembekezera alendo a sabata imodzi. Munthu wolipira pang'ono mwezi ndi mwezi aposa wolipira zambiri kamodzi pachaka. Pofuna kudziwa mtengo, funsani ku nyumba zitatu kapena zinayi zofanana ndi yanu za m'dera lomwelo, ndipo musapitirire pamenepo. Nyumba yokhala miyezi itatu yopanda munthu chifukwa chokweza mtengo imataya ndalama zambiri kuposa zimene mumafuna kuwonjezerazo.

Yambani ndi banja ndi mfumu

Musanalankhule ndi munthu aliyense wofuna nyumba, khalani pansi ndi onse amene ali ndi mawu pa malowo: mkazi ndi mwamuna, mwinimbumba, ndi ana akuluakulu. Gwirizanani momveka kuti nyumba ndi ya yani, lendi azilandira ndani, ndipo munda ndi mitengo ya zipatso ya pakhomo azisamala ndi kukolola ndani. Nkhani ya mango, mapeyala ndi nthochi imaoneka yaing'ono, koma ndiyo imayambanitsa abale ndi munthu wa lendi. Mukagwirizana, pitani limodzi kwa nyakwawa mukanene kuti mukusamuka, kuti nyumba simunaigulitse, ndiponso kuti mukulowetsamo munthu. Zimenezi zilembedwe, mfumu idindepo chidindo chake. Pepala limeneli limateteza mbali zonse. Wa lendi sangadzanene kuti anagula, abale sangamuthamangitse inu mutachoka, ndipo mfumu ikudziwa mlendo amene walowa m'mudzi mwake. Yendaninso m'malire pamodzi ndi anansi, mubzale mitengo kapena muimike zizindikiro zolimba m'makona onse, aliyense akuona.

Konzani nyumba, sankhani munthu, lembani pangano

Nyumba iperekedwe ili bwino, chifukwa simungadzafunse munthu kuti abweze chabwino chimene sanachilandire. Matani ming'alu, khomani malata ogwedera, thirani mankhwala a chiswe, ndipo onani ngati dzenje la chimbudzi lingafike zaka ziwiri kapena zitatu. Kenaka jambulani ndi foni chipinda chilichonse, zitseko, maloko, magalasi a mawindo ndi mita ya magetsi, ndipo lembani mndandanda wa zonse zimene mukusiya. Katundu wa mtengo wapatali musamusiye m'chipinda chokhoma m'nyumba momwemo, chifukwa akadzasowa kapena kudyedwa ndi makoswe simudzadziwa womufunsa. Ngati magetsi a ESCOM ndi a mayunitsi, nkhawa ya ngongole palibe. Ngati pali mpopi wa Water Board, malizani bilu yonse ndipo lembani nambala imene mita ikuonetsa pa tsiku lopereka makiyi.

Posankha munthu, musakomedwe ndi amene wabwera ndi ndalama zambiri tsiku loyamba. Funsani kumene amagwira ntchito, chimene akuchokera kumene amakhala, ndi anthu angati amene adzakhale m'nyumbamo. Lankhulani ndi landilodi wake wakale, kapena mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pake, kapena akuluakulu a mpingo kapena mzikiti wake. Munthu wolongosoka sakwiya ndi mafunso otere. Lembani nambala ya chitupa chake cha unzika ndi dzina la m'bale wake mmodzi amene angapezeke zinthu zitavuta.

Pangano lilembedwe m'Chichewa chomveka, ndipo silifuna loya kuti likhale ndi mphamvu. Muzikhala maina a mbali zonse ziwiri, malo a nyumba, ndalama ya lendi, tsiku lolipira ndi njira yolipirira. Kwa wogwira ntchito m'boma, ikani tsiku lolipira patapita masiku angapo malipiro atatuluka, kuti musamakangane mwezi uliwonse. Mutchulidwe dipoziti, kawirikawiri ya mwezi umodzi, ndi zimene zingachititse kuti isabwezedwe yonse. Mugawidwe ntchito yokonza: galasi losweka, loko ndi mababu ndi za wokhalamo, pomwe denga, makoma ndi chimbudzi ndi za mwini. Mulembedwe kuti wa lendi saloledwa kulowetsamo munthu wina wa lendi, kugumula khoma, kudula mitengo, kuumba njerwa pamalopo, kapena kusandutsa nyumba malo ogulitsira mowa. Mulembedwenso nthawi ya notisi, mwezi umodzi kapena iwiri kwa mbali iliyonse, ndiponso kuti lendi idzaunikidwa kamodzi pachaka, chifukwa mtengo wa chaka chino sudzagula zomwezo chaka chamawa. Ngati mukufunabe kudzagulitsa, nenani poyera m'panganomo kuti nyumba ili pamalonda, kuti wokhalamo adzapatsidwa notisi yokwanira, ndipo kuti iyeyo ndiye adzayambe kufunsidwa ngati akufuna kugula. Nthawi zina wogula weniweni amakhala amene wagonamo zaka ziwiri, wadziwana ndi mbumba ndi mfumu, ndipo mantha a malo amuchoka. Onse asayine pamaso pa mboni ziwiri, aliyense atenge pepala lake, lina likhale kwa munthu amene mwamusankha kukhala woyang'anira nyumbayo.

Woyang'anira ndi ndalama

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Munthu amene ali ku Johannesburg sangaone lata lozuka ku Chonde, choncho pamafunika maso a wina. Koma maso ndi thumba zisiyanitsidwe. Lendi izibwera mwachindunji kwa mwini kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena akaunti ya kubanki, pakuti uthenga wa pafoni umakhala ngati lisiti losonyeza tsiku ndi ndalama. Woyang'anira ntchito yake ikhale kuyendera nyumba kamodzi pamwezi, kutumiza zithunzi, ndi kuitana mmisiri pakafunika. Ndalama ikamadutsa m'manja mwa m'bale, tsiku lina mwana amadwala, tsiku lina kumagwa maliro, iye n'kubwerekako ndi mtima woti adzabweza, ndipo mapeto ake ndalama imatha, ubale n'kuthanso. Woyang'anirayo azilandira kangachepe kodziwika mwezi uliwonse, ngakhale akhale mlongo wanu. Munthu wogwira ntchito yaulere simungamufunse chifukwa chimene sanapitire kukaona nyumba.

Werengerani phindu moona mtima. Tiyerekeze kuti lendi ndi K50,000 pamwezi. Pa pepala ndi K600,000 pachaka. Chotsani miyezi iwiri imene nyumba ingakhale yopanda munthu kapena lendi ingavute kutuluka, zitsala K500,000. Chotsani K50,000 ya woyang'anira ndi K100,000 yosungira zokonza, zitsala K350,000, zomwe sizikufika K30,000 pamwezi. Ndalama imeneyi ingathandize pa fizi kapena feteleza, koma singalipire nyumba ya ku Lilongwe. Choncho musasamuke mukudalira lendi ya ku Chonde kuti ndiyo idzakudyetseni. Ndalama ya zokonza isungidwe payokha, ndipo miyezi ya September ndi October, mvula isanayambe, denga ndi ngalande zionedwe chaka chilichonse. Dziwaninso kuti ndalama ya lendi imawerengedwa pa msonkho. Ngati wochita lendi ndi kampani kapena bungwe, amadula msonkho asanakulipireni, ndipo muziwaumiriza kuti akupatseni chikalata chosonyeza kuti ndalamayo yapita ku MRA.

Mayankho kwa okayika

Ambiri amati anthu a lendi amawononga nyumba ndipo salipira. Zimachitikadi, ndipo walira mvula walira matope. Koma tiyerekeze zowonongeka ziwirizi. Wa lendi amadetsa khoma, amaswa galasi, amathyola chogwirira chitseko, zinthu zimene dipoziti ndi ndowa ya laimu zimakonza. Nyumba yotsekedwa imataya denga. Kusalipira nako kumakula pamene mwini wakhala chete miyezi inayi chifukwa cha manyazi. Mwezi woyamba ukadumpha, imbani foni. Wachiwiri ukadumpha, lembani kalata ya notisi, woyang'anira akapereke pamaso pa mboni. Zikakanika, nkhani ipite kwa nyakwawa, ndipo ikapitirira apo ipite ku khoti la majisitireti, kumene pangano lolembedwa ndi mauthenga a pafoni zidzakuyankhulirani. Amene alibe ndalama ya loya angathe kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Chimene simuyenera kuchita, kapena kutuma wina kuti achite, ndi kuzula chitseko, kusasula malata, kapena kutaya katundu wa munthu panja. Mchitidwe umenewu umasandutsa mwininyumba wolakwiridwa kukhala wolakwa, ndipo ana a m'nyumbamo ndiwo amavutika.

Ena amati kuli bwino kungoikamo m'bale azisunga. Ngati m'baleyo alibe pokhala, kumuthandiza ndi chinthu chabwino, koma dziwani kuti mwasankha kuthandiza, ndipo ndalama yokonzera nyumba izichoka m'thumba mwanu. Dziwaninso kuti mlendo amatuluka ndi notisi ya mwezi umodzi, pomwe m'bale amene wakhala zaka zisanu, wabereka ana pamenepo ndipo wamanga khitchini yake, kumutulutsa kumagawa mbumba pakati. Pa malo oyenda kuchikazi, m'bale wokhalitsa amayamba kuoneka ngati mwini. Mukasankha m'bale, pangano lilembedwebe pamaso pa mfumu, ndipo azilipira kangachepe, ngakhale kochepa bwanji, kuti chaka ndi chaka zizidziwika kuti nyumba ili ndi mwini wake.

Funso lolemera kwambiri ndi la amene akufuna ndalama yambiri lero lomwe, ya ulendo, ya chipatala, kapena yobweza katapila amene akukula sabata iliyonse. Kwa munthu wotere lendi payokha siyankha. Angathe kupempha wolowayo kuti alipiretu miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pa mtengo wotsikirako, ndipo zimenezi zimakwanira thiransipoti ndi poyambira. Koma ngati ngongole ikukula msanga kuposa lendi, kapena banja latsimikiza kuti silidzabwereranso ndipo palibe munthu mmodzi wokhulupirika wotsala m'mudzi, kugulitsa pa mtengo wotsika kungakhale koyenera, bola mbumba ndi mfumu avomereze polemba. Amenewa ndi mabanja ochepa. Ambiri amene amapita ku Joni kapena m'tauni amadzafunanso kwawo: ntchito imatha, mapepala amavuta, ukalamba umafika. Pa tsiku limenelo pamakhala kusiyana kwakukulu pakati pa wobwerera m'nyumba yake ndi wokapempha chipinda kwa mlamu.

Chomaliza ndi nkhani imene anthu sakonda kuikamba. Munthu angathe kumwalira ali kutali. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene pali umboni. Lembani wilo pamaso pa mboni ziwiri, munene kuti nyumba ndi lendi yake zidzakhala za yani, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana adziwe kumene kuli mapepala onse.

Mawu kwa inu amene muli paulendo

Dzipatseni mwezi wathunthu musananyamuke. Sabata yoyamba ikhale ya banja ndi mfumu, yachiwiri ya kukonza nyumba, yachitatu ya kusankha munthu, yachinayi ya kusayina pangano ndi kumuonetsa woyang'anira ntchito yake. Ngati tsiku lafika munthu woyenera asanapezeke, siyani pangano lolembalemba kwa woyang'anira, koma kusankha wolowa kukhale kwanu ndithu, ngakhale pafoni. Musapereke makiyi kwa munthu aliyense pangano lisanasayinidwe, ndipo musagulitse nyumba ya ana anu pa mtengo wa malata chifukwa choti basi ikunyamuka mawa.